Malo ogona mukamapita kukaphunzira kunja: werengani izi musanatumize ndalama kwa aliyense

Chaka chilichonse ikangofika nyengo yoti mayunivesite ayamba kutumiza makalata oti mwatengedwa, funso limene ndimalandira ndi limodzimodzi. "Achimwene, malo andipatsa, za viza ndikuyendetsa, koma ndikakafika ndizikagona kuti?" Ena amafunsa kutatsala masabata awiri kuti akwere ndege, ena amafunsa atatumiza kale dipoziti kwa munthu wa pa Facebook amene pano foni yake sikugwiranso. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, nde ndalemba kamodzi basi, ndikakutumizirani izi musakhumudwe, werengani kaye mpaka pansi kenako tifunsane zotsalazo.

Ndinene pano pomwe, kusankha chipinda ndi gawo lophweka. Pamene anthu amagwa ndi pa nambala 5 ndi 6, nkhani ya munthu wokuyimirani ndi kontilakiti, nde ngati muli pachangu dumphirani pamenepo koma mubwererenso.

1. Yambani tsiku lomwe kalata yafika, viza musaidikire

Anthu ambiri amaganiza kuti dongosolo lake ndi kalata, ndalama, viza, tikiti, kenako nyumba. Ayi ndithu, nyumba ibwere pompo kalata ikangofika. Tsegulani webusayiti ya yunivesiteyo mufufuze tsamba la malo ogona, amalemba accommodation kapena housing, ku South Africa amati residence kapena res chabe. Muonepo kuti amatsegula liti, amatseka liti, ndipo akufuna mapepala anji.

Mayunivesite ambiri a ku UK amalonjeza chipinda kwa ophunzira ochokera kunja m'chaka chawo choyamba, koma lonjezolo lili ndi tsiku lotsekera, mukaliphonya ngakhale ndi tsiku limodzi mwalowa pamzere wa aliyense. Ku Germany mahositelo ambiri si a yunivesite, amayendetsa ndi bungwe lapadera lotchedwa Studierendenwerk, mzinda kapena dera lililonse la mayunivesite lili ndi lake, ndipo m'mizinda ngati Munich mzere wake umatha kutenga masemesita angapo. Ubwino wake ambiri amalola kulembetsa musanalandire n'komwe kalata ya sukulu, nde lembetsani nthawi yomwe mukutumiza fomu ya sukuluyo. Ku France ndi CROUS. Ku Netherlands zinafika povuta moti mu 2022 University of Amsterdam inauza ophunzira akunja poyera kuti ngati simunapeze chipinda musabwere. Yunivesite yeniyeni kuuza anthu amene yawatenga kuti khalani kwanu, nde muone kukula kwa nkhaniyi.

Cholakwika china chimene ndimachiona pafupipafupi: maimelo a malo ogona amapita ku imelo yatsopano imene yunivesite yakupatsani, inu mukungoyang'ana Gmail yanu yakale. Akakupatsani chipinda amakupatsani masiku ochepa oti muvomere, mukapanda kuyankha amapatsa wina.

2. Dziwani mitundu yake

Hositelo ya yunivesite. Ku UK amati halls, ku America dorm, ku Germany Wohnheim. Kwa munthu amene akufika koyamba m'dziko, maganizo anga ndi oti tengani iyi ngati ilipo, ngakhale chipindacho chikhale chaching'ono bwanji. Magetsi, madzi, hita ndi wifi nthawi zambiri zili kale mulendi, bedi ndi desiki zilimo, kukuberani kulibe chifukwa mukulipira sukulu yanu yomwe, ndipo zikavuta pali ofesi yokadandaulako. Kuipa kwake ndi phokoso makamaka mukaikidwa ndi achaka choyamba amene angochoka kumene pamaso pa makolo, nde ngati mukupita kukachita masitazi kapena PhD pemphani mbali ya akuluakulu. Mawu oti muwadziwe: en-suite ndiye kuti bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda mwanu momwemo koma khitchini mukugawana, studio ndiye kuti zonse ndi zanu nokha mpaka kophikira ndipo ndi yodula, catered ndiye kuti chakudya akuphikirani, self-catered muziphika nokha. Ku America mayunivesite ambiri amakakamiza achaka choyamba kugona pa kampasi ndi kugula meal plan, kulipiriratu chakudya cha pasukulu, komanso kugona awiri m'chipinda chimodzi n'kwachizolowezi.

Mahositelo a makampani. Amaoneka ngati a yunivesite koma eni ake ndi abizinesi, monga Unite Students ku UK. Ndi okongola pazithunzi, jimu, malo owonera filimu, zonse, ndipo mtengo wake umasonyezanso zimenezo. Funso langa limakhala loti jimuyo mudzapitako kangati.

Nyumba yogawana ndi ena. Ku Germany amati WG, ku France colocation, ku South Africa digs kapena commune. Kawirikawiri ndiyo yotchipa, komanso ndi momwe muli mavuto onse amene ndikambe m'munsimu. Ku Germany ndi ku Netherlands okhalamo kale ndi amene amasankha munthu watsopano, amakuitanani kukacheza nawo ngati intavyu, a ku Netherlands amati hospiteren, nde uthenga woti "chipinda chilipo?" basi palibe amene angauyankhe, lembani kuti ndinu ndani, mukuphunzira chani, mumakonda chani.

Kukhala ndi banja, homestay. Yabwino kwa amene akufuna kuphunzira chilankhulo kapena amene ali aang'ono. Mukhala pansi pa malamulo a eni nyumba, ndipo m'mayiko ambiri munthu wokhala nyumba imodzi ndi mwini wake alibe chitetezo cha malamulo chofanana ndi cha wochita lendi wamba.

Ngati mukupita ndi mkazi, mwamuna kapena ana, nyumba za mabanja pa kampasi zimakhala zochepa kwambiri, funsani tsiku loyamba lomwelo. Koma muonenso kaye ngati viza yanu ikulola, ku UK kuyambira January 2024 ambiri ochita masitazi ya m'kalasi saloledwanso kubwera ndi banja.

3. Werengerani ndalama yeniyeni, osati imene ili pachithunzi

Ku UK ndi ku Australia lendi ya ophunzira amakonda kuilemba pa sabata. Musachulukitse ndi 4 n'kumati ndi ya pamwezi, chaka chili ndi masabata 52, nde chulukitsani ndi 52 kenako gawani ndi 12, mupeza kuti yakwera. Ku Germany pali Kaltmiete ndi Warmmiete, yoyambayo ndi lendi ya makoma okha, yachiwiriyo aphatikizamo hita, madzi ndi zinyalala, koma magetsi ndi intaneti nthawi zambiri zimakhalabe panja, ndipo pakutha pa chaka amawerengera zimene munagwiritsadi ntchito, ngati munkayatsa hita mawindo ali otsegula bilu yowonjezera ikupezani. Palinso msonkho wa wayilesi ndi TV wotchedwa Rundfunkbeitrag umene nyumba iliyonse imalipira kaya muli ndi TV kaya mulibe, m'nyumba yogawana mumagawana. Komanso nyumba yopanda katundu ku Germany imatha kukhala yopandadi kanthu, mpaka sinki ndi chitofu mulibe.

Ku UK ophunzira a full time salipira council tax, msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo, koma sizichitika zokha, mumatenga kalata kusukulu n'kukapereka ku khonsolo. Mukakhala nyumba imodzi ndi munthu amene si wophunzira, bilu ibwera panyumbapo, nde gwirizanani msanga kuti ndi ya ndani.

Onjezani thiransipoti. Chipinda chotchipa chimene chili ola limodzi pa sitima kuchoka ku kampasi, mukaphatikiza tikiti ndi nthawi imene muzitaya m'nyengo yozizira kukuda 4 koloko masana, chimatha kukhala chodula kuposa cha pafupi. Lowetsani adilesi pa Google Maps muone ulendo wa m'mawa wa tsiku la ntchito, muonenso basi yomaliza usiku imanyamuka nthawi yanji ngati mukuganiza zodzagwira ganyu ya madzulo.

4. Akathyali

Wophunzira wochokera kunja ndi amene akathyali amamukonda kwambiri, chifukwa ali kutali sangakaone nyumbayo, ali ndi mantha osowa pogona, ndipo ndalama ali nazo m'manja zimene abale asonkha. Nkhani yawo imafanana paliponse. Chipinda chokongola pakati pa tauni pamtengo wotsika. Mwini wake ndi munthu waulemu kwambiri, wopemphera, koma mwatsoka ali kunja kwa dziko pantchito nde sangakuonetseni, makiyi atumiza pa DHL mukangotumiza dipoziti. Anthu ena ambiri akuchifuna nde lipirani lero. Amakutumiziraninso chithunzi cha pasipoti "yake" kuti mumukhulupirire, chonsecho ndi pasipoti ya munthu wina amene anamubera mwezi watha, ndipo inu mukatumiza yanu ndi imene adzaonetse kwa wotsatira.

Chitani izi. Tengani zithunzi za chipindacho muziike pa Google Lens, mukaziona zikupezekanso m'mizinda ina itatu mwadziwa. Onani adilesi pa Street View ngati nyumbayo ikufanana ndi ya pachithunzi. Pemphani vidiyo kolo ya pompopompo, osati vidiyo yojambula kale, munthuyo ayambire panja pomwe pali nambala ya nyumba, atsegule chitseko ndi kiyi, atsegule mpopi, akuonetseni pawindo. Ngati pali amene mukumudziwa mumzindamo mupempheni akaone ndi maso. Western Union, MoneyGram, crypto, makadi a mphatso, zonsezi ayi. Linki yoti "lipirani kudzera pa Airbnb" imene wakutumizirani iyeyo pa WhatsApp ayinso, amapanga masamba abodza ofanana ndendende ndi enieni. Ndipo dzina la pa akaunti ya banki lifanane ndi dzina la pa kontilakiti.

Chosavuta kuposa zonsezi, lemberani ofesi ya malo ogona kapena ya ophunzira akunja pa yunivesite yanu muwafunse ngati landilodi kapena kampani imeneyo akuidziwa. Ambiri ali ndi mndandanda wa nyumba zimene anaziyendera. Safunsa anadya phula.

5. Munthu wokuyimirani, pamene ambiri amakakamira

Tsopano mwapeza nyumba yeniyeni, landilodi weniweni, mtengo mwagwirizana, kenako akuti "titumizireni guarantor wanu". Apa ndi pamene mauthenga a pakati pa usiku amayambira kundipeza.

Guarantor, ku America amati co-signer, ku France garant, ndi munthu amene amasaina kuti inu mukalephera kulipira lendi kapena mukawononga nyumba, alipira ndi iyeyo. Vuto ndi loti landilodi amafuna munthu wokhala m'dziko lomwelo, wa ntchito yokhazikika ndi malipiro ooneka, ena amafuna mpaka wa nyumba yakeyake. Chifukwa chake n'chosavuta, zikavuta akufuna munthu amene khoti la komweko lingamufikire. Nde bambo anu kaya amalume anu akhale ndi ndalama bwanji, ngati ali dziko lina siginecha yawo kwa landilodi ndi pepala chabe. Kuwonjezera apo inu mulibe mbiri ya ngongole m'dzikomo, ku Germany akufunsani Schufa, ku America credit score ndi Social Security Number, zinthu zoti munthu wongofika kumene sangakhale nazo. Si kuti akukudani, makina awo sakukudziwani basi, ngakhale tisanamizane, alipo malandilodi ena amene amabisala kuseri kwa zimenezi akangoona dzina lachilendo.

Njira zotulukira ndi izi, ndayamba ndi zimene ndimazikonda.

Yoyamba ndi kuipewa nkhani yonseyi. Mahositelo a yunivesite kawirikawiri safuna guarantor, ichi n'chifukwa china chimene ndimakakamizira anthu kuti chaka choyamba agone pa kampasi. Pofika chaka chachiwiri muli ndi akaunti ya banki ya komweko, muli ndi kalata yoti munkalipira bwino, nkhani imapepuka.

Yachiwiri, funsani ngati yunivesite yanu imayimira ophunzira ake. Mayunivesite ena a ku UK ali ndi dongosolo loti sukuluyo ikhale guarantor wanu mukakwaniritsa zofunika zawo, koma salengeza mokweza, mpaka mufunse.

Yachitatu, ngati mukupita ku France kuli Visale, imayendetsedwa ndi Action Logement, ndi yaulere, ndipo ophunzira a zaka 18 mpaka 30 kuphatikizapo akunja okhala ndi viza ya sukulu amaloledwa. Chofunika kukumbukira, chikalata cha Visale mumatenga musanasaine kontilakiti, mukasaina kale mwachedwa. Nde viza ikangotuluka lembetsani.

Yachinayi ndi makampani amene amagulitsa ntchito imeneyi, monga Housing Hand ku UK, ku Japan ndiye makampani oterewa ndi achizolowezi pafupifupi pa lendi iliyonse. Mumalipira ndalama imene sibwerera, iwo n'kusaina. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi inshuwalansi yoti zikavuta akulipirirani n'kuiwala, ayi, akalipira landilodi amatembenukira kwa inu kufuna ndalama yawo, ndipo ena amafuna kuti m'bale wanu wina asainenso kumbuyo kwanu. Mufunsenso landilodi kaye ngati kampani imeneyo amaivomera musanailipire.

Yachisanu, kulipira lendi ya miyezi yambiri pasadakhale. Malandilodi ena amanena okha kuti ngati mulibe wokuyimirani perekani ya miyezi 6 kapena chaka chonse. Ine sindiikonda. Ndalama ikapita mphamvu yanu yapita nayo, hita ikafa m'mwezi wachiwiri landilodi alibe chomufulumizitsa, ndipo ngati nyumbayo ikhala yoipa simungachokemo chifukwa mulibe yolipirira kwina. Mayiko ena malamulo amaletsa kapena kuchepetsa zotere, nde musanavomere funsani ofesi ya malangizo pasukulu panu. Mukakakamizika, nenererani kuti muzilipira pa temu, kontilakiti ilembe momveka kuti ndalamayo ndi lendi ya miyezi yakutiyakuti, ndipo mulandire lisiti.

Yomaliza, m'bale kapena mnzanu amene akukhala kale m'dzikomo. Apa ndilankhule ngati mkulu wanu. Musamupemphe ngati mukupempha kuti akakutengeni ku eyapoti. Mukumupempha kuti aike malipiro ake ndi mbiri yake ya ku banki pachiswe chifukwa cha inu. Mutumizireni kontilakiti yonse awerenge, ndipo nonse muonetsetse kuti akuyimira gawo lanu lokha, chifukwa m'nyumba yogawana pepala la guarantor limatha kulembedwa moti akuyimira lendi ya nyumba yonse, mnyamata wa chipinda chapafupi amene sanamuonepo akathawa, kalata ipita kwa azakhali anu. Muonenso kuti kuyimirako kukutha liti, ena amalemba kuti kumapitirira nthawi yonse imene muli m'nyumbamo ngakhale kontilakiti itawonjezedwa. Akakana musamudandaule m'magulu a banja, ali ndi zifukwa zake.

Kaya mutsata njira iti, konzani fayilo imodzi ya PDF yokhala ndi kalata ya sukulu, kalata ya sikolashipu ngati muli nayo yosonyeza ndalama ya pamwezi, sitetimenti ya banki, ku Germany umboni wa Sperrkonto, akaunti yotsekedwa imene mumaikamo ndalama pofunsira viza, ku America I-20 yanu, chikalata cha kusukulu chofunsira viza. Malandilodi ang'onoang'ono, amene ali ndi nyumba imodzi kapena ziwiri, amatha kuvomera zimenezi m'malo mwa guarantor, ma ejenti akuluakulu ndi amene amauma mutu. Koma fayilo imeneyi muzitumiza pokhapokha mwatsimikiza za pa nambala 4.

6. Kontilakiti, werengani mzere uliwonse

Inde ndi yaitali, inde chilankhulo chake n'chotopetsa, werenganibe. Ngati ili m'chilankhulo chimene simuchidziwa, imene ili ndi mphamvu kukhoti ndi yomweyo osati yomasulira imene akupatsani, nde pezani munthu wodziwa. Mabungwe a ophunzira m'mayunivesite ambiri amawerengera anthu kontilakiti ulere. Ndipo dziwani kuti kudina batani loti "accept" pa intaneti ndi kusaina kumene.

Fufuzani zinthu izi.

Viza ikakanika zikhala bwanji? Ili ndi funso loyamba kwa inu amene mukusaina muli kwanu. Mahositelo ambiri a makampani ali ndi lamulo limene amalitcha No Visa No Pay, lina No Place No Pay, kutanthauza kuti akakukanizani viza kapena malo a sukulu akakanika amakumasulani, koma mumayenera kuwatumizira kalata yokanidwayo m'masiku ochepa amene alembedwa, mukachedwa ngongole ya chaka chonse ili pa inu ngakhale simunapondeko m'dzikomo. Landilodi wamba nthawi zambiri alibe zimenezi, pemphani awonjezere mzere umenewu, akakana ganizani kawiri. Mufunsenso za viza yochedwa, chifukwa kuchedwa ndi kukanidwa amaziona mosiyana.

Ndi ya masabata angati? Ku UK za digiri yoyamba zimakhala za masabata 40 kapena kupitirirako pang'ono, za masitazi 51. Mukatenga yaifupi pomwe disateshoni yanu ikutha mu September, mudzapezeka mukusamuka pakati pa kulemba. Mukatenga yaitali pomwe mukubwerera kwanu mu June, mukulipira chipinda chopanda munthu. Ku America madomu ambiri amatseka pa holide ya Khrisimasi ndi ya chilimwe, ana a komweko amapita kwa makolo awo, inu mupita kuti? Funsani ngati amalola akunja kutsala ndipo amalipiritsa bwanji.

Ndi yanu nokha kapena ya gulu? Mukaona mawu oti joint tenancy kapena jointly and severally liable, ndiye kuti nonse ndinu munthu mmodzi pamaso pa landilodi, mmodzi akapanda kulipira atha kufuna ndalamayo kwa aliyense wa inu. Kontilakiti ya chipinda chanu chokha ndi yabwino kwambiri mukamakhala ndi anthu amene simukuwadziwa.

Mungatulukemo bwanji nthawi isanakwane? Ku Germany kontilakiti yopanda malire imafuna notisi ya miyezi 3 yolembedwa papepala ndi kusainidwa, ku France nyumba yokhala ndi katundu ndi mwezi umodzi. Mahositelo ambiri salola kutuluka pokhapokha mutapeza wina wolowa m'malo mwanu.

Mabilu "ali momwemo" mpaka pati? Ena amaika malire, mukapyola mumalipira.

Ndipo ngati amene akukupatsani chipindayo ndi wophunzira mnzanu amene wachoka kwa semesita, ku Germany amati Zwischenmiete, onani kalata yoti mwini nyumba wavomera. Popanda imeneyo mutha kutulutsidwa, komanso kulembetsa adilesi kwa pa nambala 9 kukukanikani.

Chilichonse chimene ejenti walonjeza pakamwa, zoti apenta, zoti matilesi asintha, mulembereni imelo ayankhe kuti inde.

7. Dipoziti

Mayiko ambiri anaika malire. Ku England ndi lendi ya masabata 5 pa nyumba wamba, kuyambira ndi lamulo la Tenant Fees Act la 2019, ndalama yosungitsira malo isapyole ya sabata imodzi, ndipo landilodi ayenera kuika dipozitiyo m'masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezeka, Deposit Protection Service, MyDeposits kapena Tenancy Deposit Scheme, n'kukupatsani umboni. Ku Germany Kaution isapyole Kaltmiete ya miyezi 3 ndipo muli ndi ufulu woilipira m'magawo atatu, ambiri sadziwa zimenezi. Ku France ndi mwezi umodzi pa nyumba yopanda katundu, miyezi iwiri pa ya katundu. Ku South Africa landilodi ayenera kuisunga mu akaunti yobereka chiwongoladzanja ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Ku Japan samalani, shikikin ndi dipoziti imene imatha kubwerera, reikin ndi ndalama yothokoza landilodi, imeneyo mwapereka mwapereka.

8. Tsiku lonyamuka layandikira koma simunapeze

Musasaine chilichonse chifukwa cha mantha. Sungitsani malo akanthawi a masabata awiri kapena atatu, hositelo ya apaulendo, chipinda cha alendo cha yunivesite, homestay yaifupi, kenako mukafufuze muli komweko mukuona ndi maso. Werengerani ndalama imeneyi mu bajeti kuyambira pachiyambi. Uzaninso ofesi ya ophunzira akunja kuti mulibe pokhala, masabata oyambirira zipinda zimatseguka chifukwa ena viza zawakanika, ndipo amapatsa amene akuwavutitsa ndi maimelo. Koma m'mizinda imene yunivesite yanena yokha kuti musabwere opanda chipinda, amvereni, kambiranani zosintha semesita yoyambira.

Ndege yofika usiku kapena Lamlungu, funsiranitu makiyi mukatenga kuti. Zofunda ndi mapilo mahositelo ambiri sapereka, ku America bedi la m'domu ndi saizi yakeyake yotchedwa Twin XL nde mashiti mukagule komweko.

9. Tsiku lolowa ndi kulembetsa adilesi

Musanamasule chikwama, jambulani vidiyo ndi zithunzi za chipinda chonse, makoma, kapeti, matilesi mbali zonse ziwiri, mkati mwa uvuni ndi firiji, nkhungu ya m'bafa, chilichonse chothyoka kapena chothimbirira. Jambulani mamita a magetsi, gasi ndi madzi. Akupatsani pepala la mmene nyumba ilili, ku UK inventory, ku France état des lieux, ku Germany Übergabeprotokoll, musangosaina, lembanipo zonse zimene mwaona, kenako tumizani zithunzizo pa imelo kwa landilodi tsiku lomwelo kuti deti lioneke. Yesani alamu ya utsi. Ku England landilodi akuonetseni setifiketi ya gasi, imapangidwa chaka chilichonse. Ku France inshuwalansi ya nyumba ndi yokakamiza, makiyi sakupatsani popanda iyo.

Kenako boma lidziwe kumene mukukhala. Ku Germany ndi Anmeldung, m'masiku 14, ku ofesi ya mzinda yotchedwa Bürgeramt, ndipo mumafunika pepala losainidwa ndi landilodi lotchedwa Wohnungsgeberbestätigung. Popanda Anmeldung chilolezo chokhalira m'dziko, nambala ya msonkho ndi mabanki ambiri zonse zaima, nde chipinda chimene alemba kuti Anmeldung siyotheka chisiyeni ngakhale chitchipe. Ku Netherlands mumalembetsa ku khonsolo, amati gemeente, kuti mupeze BSN, nambala imene boma limakudziwirani. Ku Japan ndi masiku 14 ku ofesi ya mzinda. Ku China ngati simukugona ku hotela kapena ku domu imene imakulembetserani, ndi maola 24 ku polisi. Ku America wa viza ya sukulu ya F-1 akasamuka amauza ofesi ya ophunzira akunja m'masiku 10.

10. Chaka chachiwiri ndi potuluka

M'mizinda ina ya ku UK ma ejenti amayamba kukuwopsezani mu November kuti nyumba za chaka chamawa zikutha, inu mwangokhala miyezi iwiri. Musasaine kontilakiti ya gulu ndi anthu amene mwangodziwana nawo kumene, onani kaye amene amatsuka mbale ndi amene amalipira ngongole zake.

Potuluka perekani notisi molemba pa nthawi yake, kolopani nyumba ifanane ndi zithunzi zanu za tsiku loyamba, jambulaninso zonse ndi mamita omwe, ndipo pemphani kuti poyendera nyumba mukhalepo. Kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsa ntchito mwachizolowezi, kapeti kufwifwa, penti kuzilala, si mlandu wanu. Akadula dipoziti mopanda chilungamo, ku England bungwe limene likusunga ndalamayo limaweruza ulere, ku South Africa kuli Rental Housing Tribunal yaulerenso, ndipo zimene amayang'ana ndi zithunzi ndi maimelo aja. Ku Germany ngati mukuchoka m'dziko chitani Abmeldung, kudzichotsa m'kaundula wa adilesi uja, muletsenso Rundfunkbeitrag ndi kontilakiti ya intaneti apo ayi mabilu azingobwerabe m'dzina lanu. Akaunti ya banki ya komweko musaitseke msanga, dipoziti ku Germany imatha kutenga miyezi ingapo podikira kuwerengera za hita ndi madzi, nde musiyireni landilodi nambala ya akaunti ndi imelo imene izigwirabe ntchito ya sukulu ikatsekedwa.